Ambrose Woyera: Episkopi Wophunzitsa ndi Nyimbo

Ambrose anabadwira ku Trier cha m'ma 340. Anali bwanamkubwa ku Milan pamene anthu anamusankha kukhala episkopi mu 374, asanabatizidwe n'komwe.

Mu 386, Justina, mayi wa mfumu Valentinian II, anafuna kulanda tchalitchi china mumzindamo kuti achipereke kwa otsatira Arius, amene ankakana kuti Yesu ndi Mulungu weniweni. Ambrose anakanitsitsa. Asilikali atazinga tchalitchicho, akhristu anabindikira momwemo usana ndi usiku. Kuti asataye mtima, episkopiyu anawaphunzitsa kuimba masalimo ndi nyimbo monga ankachitira akhristu a maiko a Kuvuma. Nyimbo zimene anapeka yekha zinali m'Chilatini chosavuta, moti munthu wamba ankaloweza chiphunzitso cha Utatu Woyera poimba. Mapeto ake boma linagonja, asilikali nachoka.

Monica Woyera anali nawo m'gulu limeneli, ndipo mu 387 Ambrose anabatiza mwana wa mayiyu, Augustine.

Ambrose anamwalira pa 4 Epulo 397. Mpingo umamukumbukira pa 7 Disembala. Akwaya ndi aphunzitsi a ana atengerepo phunziro: nyimbo za pa Misa nazonso ndi katekisimu.