Henry Wilson, munthu amene anasefa nyama yamoyo

Mukasefa ufa, mukudziwa kuti sungabwererenso kukhala cimanga. Koma mu 1907 Henry Van Peters Wilson anasefa nyama yamoyo, ndipo inadzimanganso yokha.

Wilson anabadwa mu 1863 ku Baltimore, m'dziko la America. Anaphunzira pa yunivesite ya Johns Hopkins, ndipo kuyambira mu 1891 ankaphunzitsa za zamoyo pa yunivesite ya North Carolina. Mtima wake unali pa siponji. Osati yotsukira mbale ija ayi. Iyi ndi nyama ya m'nyanja yamcere imene imakakamira pamiyala. Kuno ku Chifunde simungaione.

Ali ku Beaufort, m'mbali mwa nyanja, anaiduladula n'kuifinyira m'nsalu ya silika. Inatuluka ngati phala lamadzimadzi, maselo ake, tizigawo ting'onoting'ono ta thupi, ali balala. Iye anangodikira, diso lili pa maikulosikopu. Maselo aja anayamba kukwawa, kufunana, kumatana, mpaka panamera tisiponji tatsopano tamoyo. Tangoganizani!

Nanga cimamata maselo n'ciyani? Wilson anamwalira mu 1939 yankho lisanapezeke. Ofufuza a m'mbuyo mwake ndi amene anapeza mapuloteni okhala pakhungu la selo, ogwira ngati mbedza. Gulu limodzi la mapuloteniwa linapatsidwa dzina lakuti integrin mu 1986.

Inunso muli nawo. Mukadzitema ndi khasu kumunda, amathandiza tizigawo ta m'magazi kugwirana kuti magazi aundane. Mwana wobadwa ndi ma integrin amenewa osagwira bwino amataya magazi nthawi yaitali, ngakhale pa kabala kakang'ono.