Kalonga Mzura ndi Kugwa kwa Banja Lachifumu la Maravi

Wophunzira, mukamawerenga nthano ndi mabuku ngati Mbiri ya Achewa ya Samuel Ntara, mukumana ndi dzina loti Kalonga. Limeneli silinali dzina la munthu mmodzi ayi, koma udindo wa mfumu yaikulu ya Amaravi. Ufumuwu unali wa mbumba ya Aphiri ndipo unkatsata kuchikazi. Mayi wa banjali ankatchedwa Nyangu, pomwe mkazi wamkulu wa Kalonga, Mwali, ankachokera kwa Abanda.

Mwa mafumu onsewa, wotchuka kwambiri ndi Mzura, yemwe analamula m'zaka zoyambirira za m'ma 1600. Iyeyu anali katswiri pa nkhondo komanso wochenjera pa malonda a minyanga ya njovu. Mu 1608 anatumiza ankhondo 4,000 kukathandiza Apwitikizi omwe ankateteza Mwenemutapa Gatsi Rusere kwa anthu omuukira. Mu 1616 Mpwitikizi wina, Gaspar Bocarro, anachereredwa pamudzi pake ali pa ulendo wochoka ku Tete kupita ku Kilwa.

Tsono apa mpofunika mumvetse bwino. Mdani wamkulu wa Mzura sanali mlendo, koma Mphiri mnzake, Lundu wa ku chigwa cha Shire. Mu 1622 Mzura anagonjetsa Lundu mothandizidwa ndi mfuti za Apwitikizi, ndipo ulamuliro wake unafalikira kummawa, kudutsa m'maiko a Alolo ndi Amakua mpaka ku nyanja ya mchere.

Paja akulu amati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Gatsi Rusere atamwalira, Mzura anatembenukira abwenzi ake aja. Anawoloka Zambezi koma sanaphule kanthu. Kenaka anathira nkhondo Quelimane, ndipo mu 1632 mfuti zomwe zija zinamugonjetsa iye mwini.

Mzura atamwalira, banjali linayamba kufooka pang'onopang'ono. M'zaka za m'ma 1700 mafumu aang'ono ankangogulitsa okha minyanga kwa amalonda, osaperekanso mitulo kulikulu. Malonda a akapolo ndi nkhondo za Angoni zinadzamaliza zotsalazo. Inu a ku Phalombe mukuudziwa mpata wa pakati pa mapiri a Mulanje ndi Michesi. Mmenemo ndimo munkadutsa akapolo opita kugombe, mpaka Angerezi anamangapo Fort Lister mu 1893. Pamenepo nkuti Kalonga Sosola ataphedwa kale ndi Ayao m'zaka za m'ma 1860, ufumu utatheratu basi.

Polemba mayeso, musangoloweza zaka. Onetsani kuti Mzura anakuza ufumu podalira alendo polimbana ndi abale ake, ndipo mphamvu yobwerekayo sinakhalitse.

Mafunso
1. Fotokozani udindo wa Nyangu m'banja lachifumu.
2. Kodi Mzura analakwa kapena anachita bwino popempha thandizo kwa Apwitikizi? Perekani zifukwa ziwiri.