Joseph Lister, dokotala amene anafufuza ulusi wosungunuka m'thupi

Munthu akachitidwa opaleshoni masiku ano, madokotala kawirikawiri amamuuza kuti ulusi umene amusokera m'kati sufunika kudzachotsedwa chifukwa udzasungunuka wokha. Zaka zoposa 150 zapitazo, ulusi womangira mitsempha unkaphetsa odwala ambiri. Mmodzi mwa anthu amene anasintha zimenezi ndi Joseph Lister, dokotala wa opaleshoni wa ku Britain.

Lister anabadwa pa 5 Epulo 1827 ku Upton, pafupi ndi London. Bambo ake, a Joseph Jackson Lister, ankachita malonda a vinyo, komanso anatchuka ndi luso lokonza magalasi a maikulosikopu. Mwanayo anakula atazolowera kupenda tinthu tosaoneka ndi maso. Atamaliza maphunziro a udokotala pa University College London mu 1852, anapita ku Edinburgh kukaphunzira ntchito kwa dokotala wotchuka James Syme. Mu 1856 anakwatira Agnes, mwana wa Syme. Banjali silinaone mwana, ndipo Agnes ndiye ankalemba zimene mwamuna wake ankapeza pa kafukufuku.

Mu 1860 Lister anakhala pulofesa ku Glasgow. Kumeneko odwala ambiri ankatsirizika chifukwa cha kuola kwa mabala, ngakhale opaleshoni itayenda bwino. Atawerenga zolemba za Louis Pasteur, anazindikira kuti tizilombo tosaoneka ndi maso ndito tinkaoletsa mabalawo. Mu 1865 anathira mankhwala a carbolic acid pabala la mnyamata wa zaka 11 amene ngolo inamuthyola mwendo, ndipo mnyamatayo anachira popanda kudulidwa mwendowo.

Koma vuto la ulusi linali likadalipo. Madokotala ankamanga mitsempha ndi ulusi wa silika n'kusiya nsonga zake zikulendewera kunja kwa bala kuti adzaukoke pambuyo pake. Tizilombo tinkalowera pomwepo, ndipo nthawi zina mtsempha unkatseguka, wodwala n'kutaya magazi mpaka kumwalira. Lister anayesa kuviika silikayo m'mankhwala ndi kudula nsonga zake. Mayi wina amene anamangidwa mtsempha motero atamwalira patatha miyezi pafupifupi khumi, Lister anapeza timafinya pamene panali zotsalira za ulusiwo.

Ndipo anatembenukira ku catgut, ulusi wopangidwa kuchokera ku matumbo a nkhosa, umene madokotala akale monga al-Zahrawi wa ku Córdoba ankaudziwa kale. Pa nyengo ya Khirisimasi mu 1868, ali kunyumba kwa bambo ake, anagoneka thole ndi mankhwala n'kumanga mtsempha wake wa m'khosi ndi catgut woviikidwa mu carbolic acid. Patatha masiku 30 tholelo linaphedwa kuti aone zimene zachitika. Poyamba anakhumudwa poganiza kuti ulusi uja ulipobe. Atayang'anitsitsa, anaona kuti ulusiwo unali utadyeka, ndipo m'malo mwake munali mutamera mnofu wamoyo wozungulira mtsemphawo ngati mphete.

Lero asayansi amadziwa chimene chinachitika. Thupi likalandira chinthu chachilendo, maselo oyera a m'magazi amasonkhana n'kuyamba kuchidya pang'onopang'ono. Pa nthawi yomweyo maselo ena amaluka kolajeni, timaulusi tolimba timene timagwira khungu ndi minyewa, tomwenso timapanga chipsera. Ngakhale catgut weniweniyo, mbali yake yaikulu ndi kolajeni wa nyama. Chofunika n'chakuti ulusi usathe mphamvu thupi lisanamalize kuluka wakewake. Catgut wamba ankafewa msanga, choncho Lister anatha zaka zoposa khumi akufunafuna njira youlimbitsira. Mu 1881 anafalitsa njira youviika mu chromic acid kuti uzikhalitsa.

Ulemu unamupeza ali moyo. Mu 1871 anatumbula chotupa cha m'khwapa mwa Mfumukazi Victoria, mu 1895 anasankhidwa kutsogolera bungwe la asayansi la Royal Society, ndipo mu 1897 anapatsidwa udindo wa Baron. Koma Agnes atamwalira ali pa ulendo ku Italy mu 1893, Lister anakhala wachisoni zaka zake zonse zotsala. Anamwalira pa 10 Febuluwale 1912 ku Walmer, m'chigawo cha Kent, ali ndi zaka 84.

Kuyambira cha m'ma 1970, zipatala zambiri zinayamba kugwiritsa ntchito ulusi wopangidwa m'mafakitale monga Dexon ndi Vicryl, umene umaphwanyika ndi madzi a m'thupi pa nthawi yodziwika bwino. Mfundo yake ndi yomwe Lister anaiona pakhosi la thole lija: ulusi umagwira bala kwa kanthawi, kufikira kolajeni wa wodwalayo atalimba mokwanira kuligwira yekha.