Stephen Langton, Arkiepiskopi wa ku Canterbury amene adakana kutemberera mabaroni

Katekisiti akamauza akhristu kuti atsegule Buku Loyera pa mutu wakutiwakuti, amatsata kagawidwe kamene akatswiri ambiri amati kadachokera kwa Stephen Langton. Manambala a ndime adabwera mochedwa, m'zaka za m'ma 1500. Koma ku England dzina la Langton limakumbukika chifukwa cha mkangano wa Mfumu John ndi mabaroni, ndiye kuti eni malo akuluakulu amene adali ndi malinga ndi asilikali awoawo.

Langton adabadwira m'chigawo cha Lincolnshire cha m'ma 1150, ndipo adaphunzira ndi kuphunzitsa za Mulungu ku Paris kwa zaka zambiri. M'chaka cha 1206 Papa Innocent wachitatu adamuitanira ku Roma namusandutsa Kadinala. Nthawi imeneyo mpando wa ku Canterbury udali wopanda mwini, chimwalirire Arkiepiskopi Hubert Walter mu 1205. Amonke ena adasankha mnzawo Reginald, pamene mfumu inkafuna munthu wake, Episkopi John de Gray wa ku Norwich. Papa adakana onse awiri. Amonke amene adapita ku Roma adasankha Langton, ndipo Papa yemweyo adamudzoza ku Viterbo pa 17 Juni 1207.

Mfumu John idapsa mtima. Idapirikitsa amonke a ku Canterbury ndi kuletsa Arkiepiskopi watsopanoyo kuponda m'dziko. Mu Malichi 1208 Papa adaika chiletso pa England yense. Ife amene timadandaula wansembe akatha miyezi itatu osafika ku nthambi yathu, tiyese kuganiza: zaka zoposa zisanu ndi chimodzi mabelu ali chete, Misa ya anthu onse palibe, maliro akuikidwa kunja kwa manda odalitsidwa. Zimene zidaloledwa ndi ubatizo wa ana ndi kulapa kwa amene ali pafupi kufa. Mfumu idalanda chuma cha Eklezia, ndipo mu 1209 idachotsedwa mu Mpingo. Langton adakhala nthawi yaitali ku nyumba ya amonke ya Pontigny ku France, komwenso Thomas Becket Woyera adathawira pokangana ndi bambo wa John, Mfumu Henry wachiwiri.

Mu Meyi 1213 John adagonja, poopa nkhondo yochokera ku France. Koma adagonja mochenjera: adapereka ufumu wake m'manja mwa Papa naulandiranso ngati womugwirira, nalonjeza msonkho wa chaka ndi chaka. Mdani wa dzulo adasanduka mwana wokondedwa wa Roma. Langton adafika ku England mu Julayi, namasula mfumu ku Winchester itachita kulumbira kuti idzasunga malamulo abwino a makolo.

Lumbirolo silidapite patali. John adali atataya Normandy mu 1204, ndipo pofuna kuilanditsa ankafinya mabaroni ndi misonkho, kulanda malo popanda mlandu, ngakhale kulipiritsa akazi amasiye kuti asakwatiwitsidwe mokakamiza. Ogwirizana naye atagonja ku Bouvines mu Julayi 1214, mabaroni adagalukira, ndipo mu Meyi 1215 adalowa mu London. Langton sadanyamule chida. Ankayenda uku ndi uku ngati mkhalapakati, mpaka pa 15 Juni 1215 mfumu idavomera chikalata cha Magna Carta pa dambo la Runnymede. Dzina lake ndilo loyamba pa alangizi a mfumu otchulidwamo. Mfundo yoyamba imateteza ufulu wa Eklezia, makamaka posankha maepiskopi. Ina imaletsa kumanga mfulu kapena kumulanda katundu popanda chiweruzo choyenera. Tisaiwale kuti ambiri mwa alimi a nthawi imeneyo sankawerengedwa ngati mfulu.

Chovuta chachikulu chidachokera ku Roma. Mfumu idadandaula kwa Papa kuti idachita kuumirizidwa, ndipo pa 24 Ogasiti Papa adathetsa chikalatacho. Lamulo lidali litabwera kale loti osokoneza ufumu achotsedwe mu Mpingo. Langton adakana kulengeza chilangocho asadaonane ndi Papa, poona kuti Papa sadamve nkhani yonse. Nthumwi za Papa zidamuimitsa pa udindo mu Sepitembala, ndipo atafika ku Roma ku Msonkhano Waukulu wachinayi wa ku Laterano, Innocent adatsimikiza chilangocho. Amene adamusankha ndi kumumenyera nkhondo zaka zisanu ndi chimodzi ndiye adamutsekera pakamwa. Pamenepa ndi pamene ndimamulemekeza munthuyu: sadatemberere anthu amene ankawaona kuti ali ndi dandaulo loona, komanso sadapandukire Papa. Adalandira chilango nakhala kunja kwa dziko, kwawo nkhondo ili mkati.

Innocent adamwalira mu Julayi 1216, John mu Okotobala. Langton adabwerera mu 1218 nakhala mzati wa mfumu yachichepere, Henry wachitatu, imene adaiveka chisoti chaufumu ku Westminster mu 1220. Chaka chomwecho, pa 7 Julayi, adasamutsira mafupa a Becket Woyera m'malo atsopano aulemu. Sikuti zonse adachita bwino: Sinodi ya ku Oxford ya 1222, imene iye adatsogolera, idalamula Ayuda kuvala chizindikiro ndi kuwaletsa kumanga masunagoge atsopano, ndipo ichi ndi chilema pa mbiri yake.

Mu 1225 Henry adatulutsanso Magna Carta posinthana ndi msonkho, ndipo Langton adalengeza kuti aliyense woiphwanya adzachotsedwa mu Mpingo. Chikalata cha chaka chimenecho ndicho chidakhazikika m'malamulo a England. Langton adamwalira ku Slindon m'chigawo cha Sussex pa 9 Julayi 1228, ndipo adaikidwa ku Canterbury.