Elizabeth Le Blond: wodwala amene anatsegula mapiri a Alps m'nyengo yozizira

Kufikira zaka za m'ma 1870, anthu ambiri a ku Ulaya ankakhulupirira kuti mapiri a Alps ndi okwera m'nyengo yotentha yokha. Kuyambira Disembala mpaka Malichi, pamene chipale chofewa chimakwirira njira ndipo dzuwa limalowa msanga, alendo ankabwerera kwawo. Mmodzi mwa anthu amene anasintha maganizo amenewa anali Elizabeth Le Blond, mayi amene anafika kumapiriko kudzafuna thanzi.

Elizabeth Hawkins-Whitshed anabadwa mu 1860 m'banja lolemera ndipo anakulira ku Greystones, m'dziko la Ireland. Bambo ake anamwalira iye ali wamng'ono, n'kumusiyira malo ndi chuma. Mu 1879 anakwatiwa ndi Fred Burnaby, msilikali wotchuka wa ku Britain, ndipo chaka chotsatira anabereka mwana wamwamuna. Posakhalitsa anayamba kuvutika ndi mapapo. Nthawi imeneyo mankhwala a chifuwa chachikulu kunalibe, choncho madokotala ankatumiza odwala opeza bwino kumapiri kuti akapume mpweya wouma. Mu 1881 nayenso anatumizidwa ku Switzerland.

Odwala oterewa ankayembekezeka kukhala pakhonde la hotela atafunda mabulangete. Elizabeth anayamba kuyenda, ndipo mphamvu zikubwerera anayamba kukwera. M'chilimwe cha 1882 anafika kawiri pansonga ya Mont Blanc, phiri lalitali kuposa onse a Alps, lomwe ndi lokwera mamita oposa 4,800. Chisanu chitafika, iye anali m'tauni ya Chamonix ku France. Mu Januwale 1883, motsogozedwa ndi namulondola Édouard Cupelin, anakwera Aiguille du Midi, nsonga ya mamita 3,842 imene inali isanakweredwepo m'nyengo yozizira.

Ulendo wotere unali woika moyo pachiswe. Timanyumba togonamo oyenda m'phiri tinkakhala titakwiririka, moti ankayamba afukula chitseko. Ankanyamuka usiku ndi nyali chifukwa cha kufupika kwa masana. Chipale chatsopano chimabisa ming'alu yakuya ya m'madzi oundana, ndipo chikhoza kugumuka pamalo otsetsereka n'kukokolola gulu lonse. N'chifukwa chake ankamangana chingwe m'chiuno, wotsogola akufufuza pansi ndi ndodo. Kuchedwa pang'ono kunkatanthauza kuuma zala ndi chisanu. Mayiyu ankadziwanso nthawi yobwerera: chaka chomwecho anayesa kukwera Monte Rosa pamodzi ndi Vittorio Sella, wojambula zithunzi wa ku Italy, koma nyengo itaipa anatembenuka asanafike pansonga.

Zimene anaona anazilemba m'buku lake loyamba, The High Alps in Winter, lomwe linatuluka mu 1883. Bukulo linasonyeza owerenga kuti nyengo imene ankaiopa ili ndi masiku ambiri owala ndi abata, ndi kuti munthu wokonzeka bwino, wokhala ndi anamulondola odziwa malo, angathe kuyenda m'mapirimo. Umboni wake unali iye mwini: wodwala uja anali atalimba.

Achibale ena sanakondwere nazo. Kwa iwo, mkazi wa m'banja lapamwamba wopserera nkhope ndi dzuwa, woyenda m'mapiri ndi amuna olembedwa ganyu, ankachititsa manyazi mtundu. Pofuna kupewa miseche, Elizabeth ankachoka m'mudzi atavala siketi yaitali, n'kukaivula kumtunda kumene ikanamupinga, kenako n'kuivalanso potsika.

Burnaby anafera kunkhondo ya Abu Klea ku Sudan mu 1885. Mwamuna wachiwiri, John Main, anamwalira mu 1892, ndipo mu 1900 Elizabeth anakwatiwa ndi Aubrey Le Blond, mwini dzina limene amadziwika nalo lero. Zaka zambiri anakhala ku St Moritz, kumene anajambula zithunzi zochuluka za mapiri okutidwa ndi chipale, komanso makanema afupiafupi a masewera a m'nyengo yozizira, pamene luso la kanema linali litangoyamba. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1890 anapitanso ku Lyngen, kumpoto kwa Norway, ndi namulondola Josef Imboden, kumene anakwera nsonga zambiri zimene munthu anali asanapondepo. Mu 1900, iye ndi Evelyn McDonnell anadutsa phiri la Piz Palü awiriwiri, popanda mwamuna wowatsogolera.

Popeza bungwe la Alpine Club la ku London silinkalandira akazi, mu 1907 kunakhazikitsidwa la Ladies' Alpine Club, ndipo Le Blond anali mtsogoleri wake woyamba. Pankhondo yoyamba ya padziko lonse anatumikira asilikali ovulala ku Dieppe, ndipo boma la France linadzamulemekeza ndi mendulo ya Légion d'honneur.

Anamwalira pa 27 Julayi 1934 ku Llandrindod Wells, m'dziko la Wales, ali ndi zaka 74. Mabungwe awiri aja anadzaphatikizana mu 1975, patatha zaka 41 iye atatsikira kulichete. Lero ku St Moritz ndi ku Chamonix, miyezi imene alendo ankaithawa ndi imene mahotela amadzaza.