Frederick Griffith, Dokotala Wamanyazi Amene Anadabwitsidwa ndi Mbewa

Anzanga, m'mabuku a Biology muli maina ambiri a anthu otchuka, koma lero tiyeni timve za bambo wina amene sankafuna n'komwe kutchuka. Dzina lake ndi Frederick Griffith. Anabadwira kumpoto kwa England m'zaka za m'ma 1870, ndipo anaphunzira za udokotala mumzinda wa Liverpool. Mchimwene wake, Arthur Stanley Griffith, nayenso ankafufuza za tizilombo toyambitsa matenda.

Atamaliza maphunziro, Griffith anagwirako ntchito yofufuza za chifuwa chachikulu. Kenako analembedwa ntchito mu labotale ya boma ku London, yomwe pambuyo pake inakhala pansi pa unduna wa zaumoyo. Labotaleyo inali yopanikiza ndiponso yosowa zipangizo. Iye anali munthu wofatsa, wosakonda misonkhano kapena kulankhula pagulu. Chake chinali kugwira ntchito basi.

Matenda amene anamudetsa nkhawa kwambiri ndi chibayo. Nthawi imeneyo kunalibe penisilini m'zipatala. Pa mliri wa chimfine wa 1918, anthu ochuluka zedi anamwalira chifukwa chimfinecho chikawafooketsa, chibayo chimadzamaliza. Ntchito ya Griffith inali kulandira makhololo a odwala, kupeza mabakiteriya a chibayo, n'kuwaika m'magulu kuti boma lidziwe mtundu umene ukufala.

Mabakiteriyawa anali ndi maonekedwe awiri. Ena akamera m'mbale ya mu labotale amaoneka osalala, chifukwa aliyense ali ndi chikuto chopangidwa ndi mtundu wina wa shuga. Chikutocho chimawateteza kwa asilikali a m'thupi, ndiye amapha. Ena amaoneka okhakhala, alibe chikuto, ndipo thupi limawagonjetsa mosavuta.

Apa m'pamene mbewa zikulowera m'nkhani. Izitu si mbewa zokumba kumunda zija timadyera nsima ayi, koma zoweta mu labotale. Griffith atabaya mbewa ndi mabakiteriya osalala amoyo, zinafa. Atabaya zina ndi okhakhala amoyo, sizinafe. Kenako anatenthetsa osalala aja mpaka kufa, n'kubaya nawo mbewa zina. Nazonso sizinafe. Mpaka apa palibe chodabwitsa.

Ndiyeno anasakaniza okhakhala amoyo ndi osalala akufa aja. Zonse ziwirizi pazokha sizipha, ndiye mbewa zimayenera kukhala bwinobwino. Koma zina zinafa! Atayeza magazi ake, anapezamo mabakiteriya osalala amoyo, ovala chikuto. Chodabwitsa china n'chakuti chikutocho chinali cha mtundu wa akufa aja, osati cha makolo a okhakhalawo. Ndipo akamaswana, ana awo amakhalanso ndi chikuto chomwecho. Tanthauzo lake n'lakuti amoyo aja anatola kanthu kena kuchokera m'mitembo ya anzawo, n'kusinthiratu chibadwa.

Griffith sanathamangire kulengeza. Anabwereza kambirimbiri, poti kuona maso a nkhono n'kudekha. Zotsatira zake anazisindikiza mu 1928 m'magazini ya Journal of Hygiene. Poyamba akatswiri ena anakayika, chifukwa ankakhulupirira kuti mtundu wa bakiteriya susintha. Koma Fred Neufeld ku Berlin atayesa yekha, anapeza zomwezo.

Kanthu kotoledwako Griffith sanakadziwe. Anapitiriza ntchito yake yoika mabakiteriya m'magulu, makamaka oyambitsa zilonda zapakhosi ndi matenda amene ankapha amayi ongobereka kumene. Mu April 1941, pa Nkhondo Yachiwiri ya Padziko Lonse, ndege za Germany zinaponya mabomba ku London. Bomba lina linagwera nyumba yake, ndipo anafera pomwepo pamodzi ndi mnzake wa ku ntchito, William Scott.

Patangopita zaka zitatu, mu 1944, Oswald Avery, Colin MacLeod ndi Maclyn McCarty a ku Rockefeller Institute ku New York anasonyeza kuti kanthu kaja ndi DNA. Mu DNA ndi momwe muli majini, malangizo a chibadwa cha chamoyo chilichonse. Ife anthu timalandira majini kwa makolo athu okha. Koma mabakiteriya eti amatha kupatsana okhaokha, ngati mmene amayi oyandikana nyumba amapatsirana mbewu ya nyemba. Amatola DNA ya akufa monga anaonera Griffith, amapatsirana pogundana, ndipo nthawi zina mavairasi ndi amene amawanyamulira.

Nthawi zina chimene chasamuka si jini imodzi, koma chigawo chachikulu chokhala ndi majini ambiri. Asayansi amachitcha chilumba. Taganizani za Likoma ndi Chizumulu: n'zathu za Malawi, koma madzi ozizungulira ndi a Mozambique. Chimodzimodzinso chigawochi, chili pakati pa DNA ya bakiteriya koma kwawo n'kwina. Amachizindikira bwanji? DNA imalembedwa ndi zilembo zinayi, A, T, G ndi C. Pachilumba, kuchuluka kwa G ndi C kawirikawiri kumasiyana ndi mbali zozungulira, ngati mlendo amene wadziwika ndi kalankhulidwe.

Zimenezi zimachitikanso m'dothi. Muli bakiteriya wina wotchedwa Photorhabdus amene amakhala m'matumbo a tinyongolotsi tosaoneka bwino ndi maso. Kanyongolotsiko kamalowa m'thupi la mbozi n'kulavula mabakiteriyawo, ndipo poizoni wawo amapha mboziyo m'masiku awiri okha. Majini ambiri a poizoniyu ali pa zilumba zija. Majini ofanana nawo apezekanso mwa Serratia entomophila, amene amapha mphutsi zodya mizu ya udzu ku New Zealand, ngakhalenso mwa Yersinia pestis, woyambitsa mliri wa makoswe umene umafala ndi utitiri.

Palinso Bacillus thuringiensis, kapena kuti Bt mwachidule. Shigetane Ishiwata anamupeza ku Japan mu 1901 akupha mbozi zopanga silika, ndipo Ernst Berliner anamupezanso ku Germany mu 1911. Majini ake ophera mbozi amakhala pa timikombero ta DNA tosamuka mosavuta. Wachibale wake weniweni ndi Bacillus anthracis, amene amapha ng'ombe, nyama zakutchire ngakhalenso anthu. Awiriwa amafanana kwambiri, kusiyana kwakukulu kuli pa katundu amene aliyense wanyamula pa timikombero tija. Wina ndi bwenzi la mlimi, wina ndi mdani wa khola. Thonje la Bt, limene alimi ena kuno kwathu ayamba kulima, linaikidwa majini ochokera kwa bwenzi lija kuti mbozi ikadya ife.

Koma kupatsanaku kuli ndi mbali yoopsa. Mabakiteriya amapatsananso majini owathandiza kupirira mankhwala. Ngakhale a chibayo omwe aja a Griffith, ena masiku ano samva penisilini, ndipo majini a kusamvako anawatola kwa achibale awo. Tikamamwa maantibayotiki mwachisawawa, ongogula pa golosale popanda kuyezedwa, ofooka amafa, olimba n'kutsala, ndipo amagawira anzawo. Tsiku lina mwana wa m'mudzi mwathu angadwale chibayo, mankhwala osagwira.

Griffith sanagwirepo ntchito pa mbozi kapena thonje, ndipo anamwalira asanadziwe kuti zomwe anaona zinali za DNA. Iye ankangofuna kuthandiza odwala chibayo. Mbewa zitafa pomwe zimayenera kukhala moyo, sanazitaye kudzala n'kunena kuti china chake chalakwika. Anayeza magazi ake, n'kulemba zomwe anapeza.