Gregor Mendel, Wansembe Wowerenga Nsawawa

Dzina la Mendel timalimva mu Biology, koma ambiri sitidziwa kuti mkuluyu anakula ndi khasu ngati ife a kuno ku Mayani. Anabadwa mu 1822 m'banja la alimi osauka, m'dera lomwe lero lili m'dziko la Czech Republic. Fizi inkavuta, mpaka mlongo wake Theresia anam'patsa gawo la chuma chomwe anamusungira kuti adzalowe nacho m'banja. Mu 1843 analowa m'nyumba ya ansembe mumzinda wa Brno.

Mayeso a uphunzitsi anamukanika kawiri, mu 1850 ndi mu 1856. Enafe tikanangoti basi zatha. Iye analowa m'dimba. Mpaka 1863 anadzala nsawawa pafupifupi 28,000, n'kumachotsa mungu pa duwa ili kukapaka pa linzake. Atakwatitsa za njere zosalala ndi zamakwinya, ana onse anatuluka osalala. Koma pa zidzukulu makwinya aja anabwereranso: njere 5,474 zosalala, 1,850 zamakwinya. Gawani nokha, mupeza pafupifupi 3 kwa 1. Apa anazindikira kuti kholo lililonse limapatsira mwana kanthu komwe sikasungunuka, kamangobisala. Lero timati jini.

Zomwe anapeza zinasindikizidwa mu 1866, koma akatswiri sanazilabadire. Anamwalira pa 6 January 1884, ndipo ntchito yake inatchuka mu 1900, mwiniwake ali m'manda.

Nanga makwinyawo amabwera bwanji? Yankho linapezeka mu 1990 ku Norwich, ku England. Mu DNA ya nsawawa muli jini yokhala ndi malangizo opangira puloteni yothandiza kupanga sitachi. M'zamakwinya, kachidutswa kena ka DNA kanalowerera pakati pa jiniyo, puloteni ija n'kusiya kugwira ntchito. Shuga amachuluka, njere imamwa madzi ambiri, ndiye ikauma imakwinyika.

Kwa anthunso n'chimodzimodzi. Mbali ya DNA yathu yokhala ndi malangizo opangira mapuloteni imatchedwa exome, ndipo siikwana magawo 2 pa 100 alionse. Komabe ofufuza matenda akumtundu amakonda kuyamba kuwerenga mbali imeneyi. Sickle cell, mwachitsanzo, imayamba chifukwa cha chilembo chimodzi chokha chosinthika mu jini ya puloteni ya m'magazi, ndipo imatsata lamulo lomwe lija: makolo awiri athanzi akhoza kubereka mwana wodwala.

Mukamasenda nsawawa kunyumba, taziyang'anitsitsani. Mendel anayambira pomwepo, kope ndi pensulo zili pambali.